Mapazi a ndani? Mmene thupi limayezera zinthu kwathu ku Chambe

Phiri la Chambe linayezedwa kalekale, ndipo manambala ake sasowa. Mukafufuza pa foni mupeza kuti nsonga yake ili pa mamita 2,557 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse paphiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002. Thanthwe la kumadzulo kwa Chambe, lija mumaliona mukamayenda pamsewu wochokera ku Chitakale kupita ku Phalombe, ndi lalitali mamita pafupifupi 1,700, ndipo akatswiri okwera mapiri amaliika m'gulu la matanthwe aatali kwambiri mu Africa muno.

Tsono funsani kukula kwa munda wa chimanga umene uli m'munsi mwa thanthwe lomwelo. Mwini wake akuuzani kuti ndi mapazi 60 uku, mapazi 40 uko. Funsani za ndime ya ganyu, za puloti imene ikugulitsidwa pafupi ndi msika, za kutalikirana kwa mapando. Yankho libwera m'mapazi, m'manja kapena m'mikono. Ine ndinakulira kumeneko, ndipo ngakhale tsopano ndimakhala m'tauni, nkhani za kumunda ndi za malo zimandipezabe pa WhatsApp sabata ndi sabata. Pafupifupi nkhani iliyonse imakathera pa funso limodzi limene ambiri timachita nalo manyazi kufunsa: mapaziwo ndi a ndani?

Miyeso imene tinabadwa nayo

Tisanaone rula kusukulu, tinali titaona kale akuluakulu akuyeza. Muyeso waung'ono kwambiri ndi chala. Mbewu imakwiriridwa pakuya kwa mfundo za chala, ndipo mpata wa pakati pa zinthu ziwiri umanenedwa kuti zala ziwiri kapena zitatu. Zala zinayi zikagundana ndiye chikhatho. Mukatambasula dzanja, kuchokera kunsonga ya chala chachikulu kukafika kunsonga ya chala chaching'ono, mwapeza muyeso wina umene akalipentala ndi oluka amaukonda, poti dzanja limatha kuyenda pathabwa ngati mbozi.

Kenako pali mkono. Mawuwa amatchula chiwalo, komanso amatchula muyeso wochokera pachigongono kukafika kunsonga ya chala chapakati. Kwa munthu wamkulu umakhala cha m'ma masentimita 45. Woposa apo ndi mkwamba: kutambasula mikono yonse iwiri, kuchokera kunsonga ya zala za dzanja ili kufika kunsonga ya zala za linalo. Mikono inayi imapanga mkwamba umodzi, ndipo mkwamba wa munthu umayandikira msinkhu wake, ngakhale ambiri umapitirira pang'ono. Choncho munthu wa msinkhu wa mita 1.7 atati ayeze thanthwe la Chambe lija, angawerenge mikwamba pafupifupi 1,000.

Pansi ndiye pamayenda phazi. Apa pali chisokonezo chimene chimayambitsa milandu yambiri, chifukwa mawu oti mapazi amatanthauza zinthu ziwiri. Wina akamati mapazi amanena kupondetsa chidendene kutsogolo kwa zala, phazi ndi phazi mogundana. Wina amanena masitepe, kuyenda monga mwa masiku onse n'kumawerenga. Sitepe imodzi imatha kumeza mapazi atatu ogundana. Anthu awiri akhoza kugwirizana pa "mapazi 50" aliyense ali ndi munda wakewake m'mutu.

Nsalu inali ndalama, mkono unali sikelo

Miyeso imeneyi si ya kumunda kokha. Ndalama zachitsulo zisanafale kuno, nsalu ndiyo inkagula zinthu. Amalonda ochokera kunyanja yamchere ankabwera nayo, ndipo David Livingstone, amene anadutsa m'dera la Shire mu 1859, ankagula zakudya ndi kulipira anthu ndi nsalu. Amishoni ndi azungu a minda amene anabwera pambuyo pake analipiranso antchito ndi nsalu kwa zaka zingapo. Nsaluyo inkayezedwa ndi mikono ndi mikwamba. Tangoganizani: malipiro a thukuta lanu akudalira kutalika kwa mkono wa munthu amene akukulipiraniyo.

Chizolowezicho sichinathe. Pamsika wa zitenje muonabe mayi akugwira nsonga ya nsalu pamphuno kapena paphewa, n'kutambasula dzanja mpaka kumapeto, kamodzi, kawiri, basi wadula. Azakhali anga amachita zomwezo akafuna kutsimikiza ngati chitenje chimene agula chakwanadi mamita awiri. Iwo amadziwa kuti kwa iwo mita imathera paphewa la mbali inayo, poti mkono wawo ndi waufupi. Anauyerekeza kalekale ndi tepi ya telala.

Opemphera amakumananso ndi miyesoyi m'Baibulo. Chingalawa cha Nowa chinali mikono 300 m'litali, mikono 50 m'lifupi ndi mikono 30 kupita m'mwamba. Tikawerengera mkono wa masentimita 45, m'litalimo ndi mamita 135, kupitirira bwalo la mpira. Goliyati anali wa mikono isanu ndi umodzi kuwonjezapo dzanja lotambasula. Pa Machitidwe 27, amalinyero a chombo chimene Paulo anakwera anayeza kuya kwa nyanja n'kupeza mikwamba 20, atayenda pang'ono anapeza 15, ndipo anadziwa kuti ayandikira kumtunda. Omasulira Baibulo sanavutike kupeza mawu, poti anawapeza ali kale pakamwa pa anthu.

Nayo tepi inachokera m'thupi

Anzanga ena amaona ngati kuyeza ndi thupi ndi zachikale, zakumudzi. Koma taonani mayina a miyeso imene timagulira zinthu m'sitolo. Malata timagula m'mafiti: 8, 10, 12. Fiti m'Chingerezi ndi phazi. Kukula kwa foni yanu ndi TV yanu kumanenedwa m'mainchesi, ndipo m'zinenero monga Chifalansa ndi Chiafrikaans mawu otchula inchi ndi omwewo otchula chala chachikulu. Mailo inachokera kwa Aroma, amene ankawerenga maulendo 1,000 amene phazi limodzimodzi laponda pansi msilikali akamayenda. Mpaka lero mahatchi ku England amayezedwa m'manja, dzanja limodzi kukhala mainchesi anayi.

Chimene mayiko enawo anachita ndi kusankha thupi limodzi kuti liimire onse. Aigupto akale anali ndi mkono wachifumu wa masentimita pafupifupi 52, ndipo amisiri ankasema ndodo zoyezera zofanana nawo. Ku England kuli mbiri yakale yoti Mfumu Henry I inalamula kuti mkono wake ukhale muyeso wa amalonda onse. A ku France m'zaka za m'ma 1790 anaganiza zochotsamo thupi la munthu aliyense, n'kupanga mita kuchokera ku kukula kwa dziko lapansi: mtunda wochokera ku North Pole kukafika ku Equator anaugawa m'magawo 10 miliyoni. Mu 1959 mayiko olankhula Chingerezi anagwirizana kuti yadi ndi mita 0.9144, fiti ndi masentimita 30.48, ndipo inchi ndi masentimita 2.54. Kuyambira 1983 mita imawerengeredwa ndi liwiro la kuwala. Kuno kwathu, bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayang'anira masikelo ndi miyeso ya pamalonda.

Ndiye ngati phazi lanu silikwana masentimita 30, musadabwe. Mapazi a anthu ambiri sakwana, ndipo kalipentala amene wayeza thabwa la mafiti 12 ndi mapazi ake 12 wakupatsani thabwa lalifupi.

Pamene thupi limaposa tepi

Mu 2023 magazini ya sayansi yotchedwa Science inafalitsa kafukufuku wa Roope Kaaronen ndi anzake a ku University of Helsinki. Iwo anasonkhanitsa umboni wa miyeso ya thupi m'zikhalidwe 186 za padziko lapansi, ndipo anapeza kuti mkwamba, dzanja lotambasula ndi mkono ndizo zimapezeka kwambiri. Anaonanso kuti anthu amapitiriza kugwiritsa ntchito miyesoyi ngakhale patapita zaka mazanamazana chibwerereni miyeso ya boma, ndipo chifukwa chimodzi ndi chakuti imathandiza kupanga zinthu zokwana mwini wake.

Aliyense amene anagwirapo khasu la munthu wina amvetsa. Agogo anga aamuna akamasema mpini ankaitana kaye mwini khasu. "Taima apa, mdzukulu, tambasula dzanja," ankatero, n'kuyerekeza mtengowo ndi mkono wako asanadule. Mpini wa amayi unkasiyana ndi wa malume, ndipo wa ife ana unali waufupi. Mpini woposa msinkhu wako umapweteka msana tsiku lisanathe. Mphasa nayonso amaiyeza ndi munthu wogonapo, khomo amaliyeza ndi wolowapo, munsi amauyeza ndi wosinja. Ndodo zimene amagulitsa kwa alendo okwera phiri ku Likhubula, munthu amasankha poiimika pambali pa chiuno chake. Palibe amene amafunsa kuti ndi masentimita angati.

Ife achinyamata timachitanso zomwezo pa kaunjika, pamene palibe chipinda choyesera zovala. Buluku timalizungulitsa m'khosi, nsonga za m'chiuno zikakumana kumbuyo timati likwana. Ena amalowetsa mkono m'chiuno mwa bulukulo, kuchokera pachigongono kufika pankhonya. Sokosi timaikulunga pankhonya. Njira zimenezi zimalephera nthawi zina, makamaka kwa anthu a matupi odzaza, koma zimagwira ntchito kawirikawiri chifukwa woyeza ndi wovala ndi munthu mmodzi.

Makolo athu amakumbukiranso muyeso wa khutu. Mwana akapita kukalembetsa Sitandade 1, aphunzitsi ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira wakula, akalephera abwerere chaka chamawa. Nzeru yake ndi yakuti mwana wamng'ono amakhala ndi mutu waukulu ndi mikono yaifupi, ndipo mikono imatalika akamakula. Pa nthawi imene ana ambiri analibe zikalata za kubadwa, njirayi inathandiza. Koma mwana wopinimbira chifukwa cha kusowa zakudya ankabwezedwa ngakhale zaka zitakwana. Apa woyezayo sanali kupangira mwanayo chinthu chomukwana. Ankamugamulira tsogolo, ndipo thupi silinanene zoona kwa onse.

Ndalama ikalowapo, mapazi amasintha

Ku Mulanje malo ndi ochepa. Mbali ina kuli phiri lotetezedwa, mbali ina minda ya tiyi, ndipo anthu ndi ochuluka. Kamunda kamene agogo ankalima okha lero kagawidwa kwa ana ndi adzukulu. Pamalo otere sitepe iliyonse ili ndi mtengo wake.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Puloti ya masitepe 30 mbali zonse, ikayezedwa ndi munthu wa sitepe ya masentimita 70, imakhala mamita 21 uku ndi 21 uko, kutanthauza masikweya mita 441. Ikayezedwa ndi munthu wa sitepe ya masentimita 90, imakhala mamita 27 mbali zonse, masikweya mita 729. Kusiyana kwake ndi masikweya mita 288, malo okwana nyumba yonse ndi khitchini yake. Papepala la mgwirizano palembedwa chimodzimodzi, "30 ndi 30", ndipo mboni zasainira. Wogulitsa amayenda ngati akupita kumaliro, wogula amatanyula ngati akudumpha mtsinje, ndipo aliyense amalumbira kuti wayenda bwinobwino.

Ekala nayonso ili ndi vuto lomweli. Alimi ambiri amadziwa kuti ekala ndi masitepe 70 mbali zonse. Zimenezi ndi zoona pokhapokha sitepe ikakhala yadi yathunthu, masentimita 91, poti ekala ndi masikweya mita 4,047. Munthu woyenda masentimita 75 akawerenga 70 ndi 70 amapeza masikweya mita 2,756, omwe ndi magawo awiri okha mwa atatu a ekala. Ofufuza a World Bank atayerekeza kukula kwa minda kumene alimi amanena ndi kumene makina a GPS amapeza, m'mayiko angapo kuphatikizapo Malawi, anaona kuti eni minda ing'onoing'ono amakonda kuikuza pongoyerekeza. Ngati ndinu amene mumatumiza ndalama kumudzi za feteleza, mbewu ndi ganyu wa "ekala imodzi", nkhani imeneyi ikukhudza thumba lanu.

Pa ganyu zinthu zimatembenuka. Mwini munda ndiye amafuna masitepe aatali kuti ndime ikule, wolima amafuna aafupi. Wolimayo nthawi zambiri ndi amene alibe chakudya kunyumba, choncho alibe mphamvu yotsutsa. Msuweni wanga wina analimapo ndime imene mwini munda anatuma mnyamata wamtali kwambiri pakhomopo kuti akayeze. Mtengo unali womwe anthu onse amalandira pa masitepe amenewo, koma ntchito imene anayembekezera kumaliza dzuwa lisanafike pamutu inamufikitsa madzulo.

Mvula ya namondwe Freddy ya mu Marichi 2023, imene inagumula mapiri ndi kusefukiza mitsinje ku Mulanje ndi ku Phalombe, inaonetsa mbali ina ya vutoli. Malire akumudzi amakhala mtengo, mwala, chulu kapena mzere wa khonje. Madzi akakokolola zizindikiro zotere, chotsala ndi chikumbumtima cha anthu ndi nambala ya mapazi a munthu amene mwina anamwalira kalekale. Lamulo la malo a mafumu la mu 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo otere kuti akhale ndi chikalata, ndipo kulembetsako kumafuna miyeso yeniyeni.

Kumunda, mlangizi amalankhula za masentimita. Njira yobzala chimanga imene ambiri amaitcha Sasakawa imafuna mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Zikatero hekitala imakhala ndi mapesi pafupifupi 53,000. Koma kumunda anthu ambiri amayeza ndi dzanja kapena phazi. Dzanja lotambasula la masentimita 20 lifikitsa mapesi pafupifupi 67,000, chimanga n'kumalimbirana chakudya. Phazi lokhala ndi jombo la masentimita 30 litsitsa nambala kufika pa 44,000, malo n'kuwonongeka. Banja la anthu anayi likamabzala munda umodzi, aliyense ndi dzanja lake, mumapezeka minda inayi m'munda umodzi.

Dziyezeni nokha

Sindikunena kuti tisiye. Tepi imaiwalika kunyumba, foni imatha moto, ndipo GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo, zomwe pa kapuloti kakang'ono ndi zambiri. Thupi ndiye simungalisiye. Chofunika ndi kuchita zimene azakhali anga anachita: kuyerekeza thupi lanu ndi tepi kamodzi kokha, n'kusunga manambalawo m'foni ndi m'mutu.

Bwerekani tepi kwa telala kapena kalipentala. Yezani kukula kwa chala chachikulu, chikhatho, dzanja lotambasula, mkono, mkwamba ndi phazi, lopanda nsapato komanso lili mu nsapato imene mumavala kawirikawiri. Pezaninso pamene mita imathera pathupi lanu mukatambasula dzanja limodzi, kaya ndi pamphuno, kaya paphewa la mbali inayo. Sitepe musayeze imodzi, chifukwa munthu akadziwa kuti akuyezedwa amayenda monyada. Yezani mamita 20 pansi, yendani katatu monga mumayendera popita kumsika, ndipo gawani mamitawo ndi masitepe amene mwapeza.

Muthanso kudalira zinthu za m'thumba zimene kukula kwake sikusintha. Khadi la ku banki ndi lalitali masentimita 8.56, ndipo chiphaso cha unzika ndi chofanana nalo. Makhadi atatu ondondozana akupatsani pafupifupi masentimita 25 a phando aja. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, kungotsala pang'ono kukwana fiti.

Kumunda, dulani timitengo tiwiri, ka masentimita 75 ndi ka 25, kapena mangani mfundo pachingwe, kuti onse obzala agwiritse ntchito muyeso umodzi. Pa ganyu, ndodo kapena chingwe chimodzi chimene onse awiri achiona ntchito isanayambe chimateteza wolemba ndi wolembedwa yemwe. Izi si zachilendo kwathu: adzukulu a kumanda amadula bango loyezera bokosi n'kupita nalo kokumba, chifukwa amadziwa kuti pamenepo kuyerekeza ndi maso kungachititse manyazi mudzi wonse.

Pa malo ndiye musachite chibwana. Mukamagula kapena kugawana, pitani ndi tepi, eni malire a mbali zonse akhalepo pamodzi ndi amfumu, ndipo papepala palembedwe mamita. Pangodya iliyonse ikani chizindikiro cholimba, mujambule zithunzi, ndipo muzisunge pamalo oposa amodzi. Akuluakulu akati malowo ndi mapazi 40, musawatsutse pagulu. Apempheni mwaulemu kuti ayende inu mukuona, kenako mutambasule tepi pomwe adutsapo, manambala onse awiri alembedwe. Kufunsa kuti "Agogo, mapaziwa anaponda ndani?" kumaoneka ngati mwano lero, koma ndi kopepuka kuposa kukafunsa funso lomwelo pabwalo la amfumu, zaka khumi zitadutsa, mukulozana zala ndi msuweni wanu.